Buku Lokumbutsira Sewero m'Masukulu a ku Blantyre

Makolo athu analibe mapepala, komabe anali ndi masewero ao. Nthano za madzulo ndi magule a pabwalo zinkasungidwa m'mitu ya akulu, ndipo mkulu akamwalira, zambiri zinkalowa naye m'manda. Pamene masukulu anadza, monga Henry Henderson Institute imene inatsegulidwa pa Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1909, anthu anaphunzira njira yina yosungira nzeru, ndiyo kulemba.

M'chaka cha 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM linayamba mpikisano wa masewero m'masukulu a sekondale. Masewero amenewa sanali ongopeka pomwepo ai, anali olembedwa. Ndiponso lamulo la m'chaka cha 1968 linafuna kuti sewero loonetsedwa pagulu liyambe labvomerezedwa. Akuluakulu a Censorship Board ankawerenga mau onse, ndipo nthawi zina ankachotsamo ena. Mwana wonena pansanja mau ochotsedwawo akanatha kugwetsera mphunzitsi wake m'mabvuto akulu. Chifukwa chake panafunika munthu wosunga mau obvomerezekawo mosamala.

Munthuyo ndiye woyang'anira sewero, ndipo chida chake ndicho buku lokumbutsira. Kakonzedwe kake nkotere. Amatenga buku lalikulu, namata mau a sewero pa tsamba limodzi, tsamba loyang'anana nalo nalisiya loyera. Pa tsamba loyeralo amalembapo kumene wosewera ali yense alowera, pamene aima, ndi kumene aturukira. M'mphepete amaika zizindikiro za manambala zoonetsa nthawi yoyatsa nyali, yoliza ng'oma, kapena yotseka nsaru. Kumapeto amandandalika katundu yense, monga mpando, nkhwangwa, mtsuko ndi zobvala. Zonsezi amalemba ndi pensulo, pakuti pokonzekera zinthu zimasintha tsiku ndi tsiku. Tsiku la sewero iye amakhala pambali posaoneka, chala chiri pa mzere. Wosewera akaiwala mau, amamnong'oneza. Wina akadwala, wolowa m'malo mwake amapeza njira yonse m'bukumo.

Mpikisano uja unabala zipatso. M'chaka cha 1982 mnyamata wa pa Henry Henderson Institute, Du Chisiza Junior, anapambana ndi sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack. Ataphunzira za masewero ku America, anayambitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987, ndipo anthu ankadzaza bwalo la French Cultural Centre kudzaliona. Iye anamwalira m'chaka cha 1999, koma masewero ake amene analembedwa angathe kuseweredwanso ndi ana amene sanamuone ndi maso.

Anthu amaombera m'manja amene ali pansanja, osadziwa kuti kuseri kwa nsaru kuli wina wogwira buku. Mutu umodzi susenza denga. Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga tsopano lino, musadzipeputse. Ana a pa sukulu ya kwanu, kaya ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Bangwe, akamakonza sewero, pemphani kuti muwasungire buku. Sewero limatha usiku umodzi, koma cholembedwa chimadikira ana a chaka chamawa.