Alick Nkhata sanali msewu chabe

Minibasi ya ku Mtendere ikachoka pa Longacres imalowa mumsewu wa Alick Nkhata. Mumadutsa pa Mass Media pomwe pali ZNBC, kenako Kalingalinga, pomwe akalipentala ndi owotcherera amayala mabedi ndi mageti m'mbali mwa msewu. Tsiku lina ndinafunsa anyamata omwe timathandizana nawo ku wailesi yathu kuti mwini dzinali anali ndani. Wina anati nduna ya Kaunda, wina anati msilikali. Wachiwiriyu sanaphonye kwenikweni, koma palibe amene anatchula gitala.

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922, bambo awo Mtonga, mayi awo Mubemba. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapita ku Burma ndi asilikali a Britain, monga anyamata ambiri a kuno. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene ankayenda m'midzi ndi makina ojambulira nyimbo zamakolo. Kumeneko khutu lawo linazolowera nyimbo za mitundu yambiri, ndipo anaphunzira kuti nyimbo ya pamtondo ikhoza kulowa m'mbale ya galamafoni n'kukamveka kutali.

Kuti timvetse kutchuka kwawo, tiyambe taona wailesi yomwe inawanyamula. Boma la atsamunda linatsegula kasiteshoni mu Lusaka mu 1941 kuti lizifalitsa nkhani za nkhondo. Kasiteshoniko kanakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, mwachidule CABS, youlutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo. Vuto linali lakuti munthu wa m'komboni sakanatha kugula wailesi. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakambirana ndi kampani ya mabatire ya Ever Ready, ndipo mu 1949 panatuluka wailesi yozungulira ngati poto, yotchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Sinali ndalama yochepa, koma kalaliki kapena wa ku migodi akasunga miyezi ingapo ankaigula. Nyumba imodzi ikakhala nayo ku Matero kapena ku Chilenje, madzulo pakhomo pankadzaza.

Boma linkafuna kuti anthu azimva malangizo ake. Anthu ankafuna nyimbo. Apa ndi pomwe a Nkhata analowera, cha m'ma 1950, ngati muulutsi komanso woyimba. Ankatenga nyimbo ya kumudzi, ya Chibemba, ya Chinsenga kapena ya Chinyanja, n'kuikhazika pa gitala, nthawi zina ndi piyano, mawu a amuna angapo akulukana mofewa ngati magulu oyimba a ku America ndi Johannesburg a masiku amenewo. Mukamvera bwino mumamva jazi pang'ono, mumamvanso kaimbidwe ka country. Koma nkhani zake zinali zathu: chikondi cha m'tauni, mowa, ndalama, mnyamata wosiya mudzi. Pali “Shalapo”, yomwe mutu wake ndi mawu otsanzikana a Chibemba. Pali “Taxi Driver”, pali “Imbote”, dzina la mowa wa uchi. Ife a kum'mawa timaikonda “Kalindawalo ni Mfumu”, yotchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Tangoganizani Mnsenga wogwira ntchito ku Bulawayo, zaka zisanu osaponda kwawo, akumva dzina la mfumu yake likutuluka m'kapoto kaja.

Ntchitoyi inali ndi minga yake. Pomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayandikira mu 1953, anthu akuda ankachikana, ndipo wailesi inali ya boma lomwe linkachikankha. Mu Lusaka munafalikira mphekesera za banyama, anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ndiponso za shuga wothiridwa mankhwala oletsa kubereka. Peter Fraenkel, yemwe ankagwira ntchito pa CABS, analemba m'buku lake la Wayaleshi la 1959 momwe aulutsi akuda ankakayikiridwira ndi kuopsezedwa ndi anthu a m'makomboni momwe iwo eni ankagona. Masana munthu akuyimba nyimbo yako, usiku akukuloza chala kuti unagulitsa mtundu.

Ena mpaka lero anganene kuti woyimbira wailesi ya atsamunda anali chida cha atsamunda. Ine sindikuona choncho. Maikolofoni yofika mayiko atatu inalipo imodzi yokha, ndipo akanaikana, bwenzi m'menemo mukulira mbale za kunja zokhazokha. Iwo anaigwira, naikamo zilankhulo zathu, natsegulira khomo oyimba ena. Gulu la Lusaka Radio Band, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Big Gold Six, linakulira m'manja mwawo.

Ufulu utabwera mu 1964 anakwera mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu a wailesi ya dziko, kenako mkulu wa nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Mu 1974 anapuma ntchito, napita kukalima ku Mkushi.

Famu yawo inali pafupi ndi kampu ya ZIPRA, asilikali a Joshua Nkomo omenyera ufulu wa Zimbabwe. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za boma la Ian Smith zinalowa mu Zambia. Zinaphulitsa kampu ya Freedom ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, woyendetsa ndege wodzitcha Green Leader akulamula a pabwalo la ndege la Lusaka kuti ndege zathu zisanyamuke. Asilikali a Smith anaukiranso kampu ya ku Mkushi, momwe munali atsikana ambiri. A Nkhata anafera m'chipwirikiti chimenecho, ali ndi zaka za m'ma 50. Munthu amene anabwerako wamoyo ku Burma anaphedwa pafupi ndi munda wake.

Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zawo zina pa chimbale chotchedwa Shalapo and Other Love Songs. Ndinaikako imodzi pa pulogalamu ya Lamlungu madzulo. Isanathe n'komwe, agogo ena a ku George anaimba foni, osapereka moni, n'kungofunsa kuti, “Mwaipeza kuti iyi, mwana wanga?”