Ziboda za Nyama pa Nthaka Youndana

Kodi munapondapo m'matope a padambo pokamwetsa ng'ombe kuno ku Chadiza, ndi kuona timathovu tikutumphuka m'madzi? Mpweya umenewo ndi methane, wocokera ku zomera zoola. M'caka ca 1776 Alessandro Volta wa ku Italy anautapa m'mabango a m'nyanja ya Maggiore, napeza kuti umayaka moto.

Kutali kumpoto, ku Siberia, kuli nthaka imene yakhala youndana kwa zaka zikwi zambiri, yosunga udzu ndi nyama zakale osaola, monga ndiwo za mufiriji. Popeza dziko likutentha, nthakayo yayamba kusungunuka, ndipo zosungidwazo zikuola ndi kutulutsa methane. Pa zaka 20, mpweyawu umagwira kutentha kuwirikiza ngati ka 80 kuposa carbon dioxide.

M'caka ca 1996 wasayansi wa ku Russia, Sergey Zimov, anakhazikitsa Pleistocene Park pafupi ndi mtsinje wa Kolyma. Nzeru yake mbusa aliyense angaimve. Cipale cofewa cimafunda nthaka ngati bulangeti, ndi kutsekereza cisanu ca m'nyengo yozizira. Nyama zikamaponda ndi kufukula cipaleco pofuna msipu, bulangetilo limapyapyala, cisanu cimalowa pansi, nthaka ndi kuumanso gwa. Tero iye ndi mwana wake Nikita anasonkhanitsa akavalo, njati, ng'ombe, ngakhale ngamila, kucokera kutali. Mwakumbukira Nowa, si conco? Koma malowo ndi kadontho cabe m'dziko lalikulu lija. Nyama zofunika ndi zosawerengeka.

Ena anayang'ana kumwamba. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991, utsi wake unaphimba dzuwa pang'ono ndipo dziko linazizirako ndi theka la digiri. Mu 2006 Paul Crutzen anati mwina anthu angathe kumwaza sulfure kumwamba mwadala. Nduna zoona za cilengedwe za mu Africa, pa msonkhano wao wa 2023, zinapempha kuti njirayi isagwiritsidwe nchito.

Ine ndiri kumbali ya ndunazo. Inu amene munaona cimanga cikupserera mu 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema nalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mudziwa kuti mvula ikasokonezeka nkhokwe imakhala pululu. Ngati wina kutsidya kwa nyanja aphimba dzuwa, mvula yathu ya mu Januwale ndi kusamuka, mlimi wa kwa Zingalume akadandaula kwa yani?