Malamulo a bawo anayenda m'mitu ya anthu

Mwa masewera onse ofesa nkhomo m'maenje amene amapezeka mu Africa, ofufuza ambiri amavomereza kuti bawo ndiye wa malamulo ovuta koposa. Komabe munthu wa ku Mangochi ndi mnzake wa ku Zanzibar, amene sanaonanepo chibadwire, atha kukhala pansi thabwa lili pakati, n'kumvana pa mfundo ziwiri zitatu, masewera n'kuyamba. Izi n'zodabwitsa tikayang'ana mbiri ya masewera ena ovuta. Chess ya malamulo a masiku ano inalowa m'buku losindikizidwa kalekale, pamene buku la Lucena linatuluka ku Salamanca cha m'ma 1497. Masewera a makadi otchedwa whist anakhazikika ku England ndi kabuku ka Edmond Hoyle ka mu 1742, ndipo Hoyle yemweyo ankaphunzitsa anthu molipiritsa. Bawo analibe Lucena, analibenso Hoyle. Malamulo ake anachoka kugombe la nyanja ya mchere n'kudzafika kunyanja ya Malawi ali m'mitu ndi m'zala za anthu, ndipo anafika osaphwanyika. Ine ndikuti sizinachitike mwamwayi. Panali kaphunzitsidwe kokhazikika, kokhala ndi makwerero ake ndi oweruza ake, ndipo ndiko kanagwira ntchito imene kwa Azungu inagwiridwa ndi buku.

Kwawo kwa masewerawa ndi kwa Aswahili, m'matauni a m'mbali mwa nyanja monga Lamu, Mombasa ndi Zanzibar. Mlakatuli Muyaka bin Haji wa ku Mombasa, amene anakhalako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anapeka ndakatulo yonena za bawo, umboni wakuti pa nthawiyo masewerawa anali atazika kale mizu. M'zaka zomwezo njira za malonda a minyanga ndi akapolo zinali kulumikiza Kilwa ndi dziko la Ayao, ndipo cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Anthu a mtengatenga, amalonda ndi aphunzitsi a Chisilamu ankatha miyezi ali pa ulendo, ndipo podikira ngalawa kapena malonda nthawi inalipo yambiri. Njira imene inabweretsa nsalu, mfuti ndi misozi ndi yomwenso inabweretsa thabwa la maenje 32. Pamene Meredith Sanderson, dokotala wa boma la atsamunda amene pambuyo pake analemba galamala ya Chiyao, anafalitsa nkhani yake ya masewera a ku Nyasaland mu 1913, sanali kuphunzitsa aliyense kuno. Ankalemba zimene anapeza anthu akuchita kale, ndipo owerenga ake anali ku London. Cholembedwacho chinabwera m'mbuyo, masewera ali patsogolo.

Kuti tione kukula kwa katundu amene anthuwa anasenza, tiyenera kuyang'ana thabwalo pafupi. Lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, wosewera aliyense mizere iwiri ndi nkhomo 32. Pa mzere wakutsogolo pali dzenje limodzi la ngodya zinayi, nyumba, limene lili ndi malamulo akeake. Poyamba nkhomo zambiri zimakhala m'manja, ndipo wosewera amaponya imodzi pa ulendo uliwonse. Zikatha za m'manja, malamulo amasintha, masewera n'kulowa gawo lachiwiri la mtaji, momwe munthu amanyamula nkhomo zonse za m'dzenje limodzi n'kumafesa, ndipo nkhomo imodzi yokha singayambe ulendo. Ngati pali podya, kudya n'kokakamiza. Zodyedwazo sizichotsedwa pa thabwa monga mu ntchuwa, koma wodyayo amazilowetsa kumbali yake kuyambira dzenje la kumapeto kwa mzere wakutsogolo, ndipo akadya pa maenje awiri a kumapeto alibe ufulu wosankha mbali yoyambira. Ngati palibe podya amatakata, ndipo ulendo umene wayamba ndi kutakata sudya ngakhale utadutsa pa chakudya choonekeratu. Nyumba nayo, nkhomo yomaliza ikagweramo pa ulendo wodya, mwini wake atha kuima kapena kuiphwasula n'kupitiriza. Ulendo umodzi utha kuzungulira thabwa kangapo n'kusintha pafupifupi dzenje lililonse. Munthu wofuna kunena zonsezi kwa mlendo pa tsiku limodzi amangomubalalitsa mutu.

Aphunzitsi akale sankachita zimenezo, ndipo umboni wake ulipo m'masewera enieniwo. Kugombe kuli mtundu wopepuka umene Aswahili amautcha bao la kujifunza: nkhomo zonse zimayalidwa pa thabwa, ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, palibe za m'manja, nyumba ilibe mphamvu. Kumeneko n'kuchotsa mwadala magawo awiri ovuta kuti wophunzira ayambe wazolowera kufesa, kudya ndi kulowetsa. Kuno kwathu khwerero loyamba linalipo kale, chifukwa mwana amene wakula akukumba timaenje pansi n'kumasewera ntchuwa kapena nsolo ndi timiyala amafika pa thabwa zala zikudziwa kuwerenga. Khwerero lotsatira ndi kuonerera. Pa bawo sipakhala anthu awiri okha. Pamakhala gulu loweramira thabwa, ena atakhala pa benchi, achinyamata ataimirira kumbuyo. Mnyamata amatha miyezi akungoyang'ana, kenaka tsiku lina wamkulu wina akatopa amamuuza kuti, "Takhalani apa, achimwene, tione." Akalakwitsa salandira chiphunzitso chachitali. Dzanja la mnzake limangogwira lake, nkhomo n'kubwezedwa, wina n'kunena kuti apo sipoyambira, yambirani uku. Lamulo limaphunzitsidwa pa nthawi imene lafunika, pa dzenje limene lafunikira, ndipo chifukwa chake limakhala m'mutu. Malamulo osowa, monga lamulo loletsa munthu kuthawitsa dzenje limene mnzake walitchera potakata, amadza kumapeto, mwina patapita zaka, pamene wophunzirayo ali ndi poliika.

Gulu lomweli ndilo linali buku la malamulo. Cholakwika cha munthu mmodzi chimakumana ndi maso khumi, ndipo lamulo limene limanenedwa poyera tsiku ndi tsiku, pamaso pa anthu okonda kutsutsa, silisintha msanga.

Wina anganene kuti ndikukometsa zinthu, popeza malamulo anasinthadi m'njira. N'zoona. Ku Zanzibar nyumba imayamba ndi nkhomo 6 ndipo m'manja mumatsala 22; ku Malawi imayamba ndi 8, m'manja n'kutsala 20. Lamulo lotchera dzenje lija silimveka chimodzimodzi paliponse, ndipo mikangano ya pa bawo imadziwika ndi aliyense amene anadutsapo pa msika madzulo. Koma tiyeze kusiyanaku ndi zimene zinasungika: magawo awiri a masewera, kudya kokakamiza, kalowetsedwe ka zodyedwa, mwayi wa nyumba, ndi kugonja kwa amene mzere wake wakutsogolo wauma. Pa mtunda wa makilomita mazanamazana, kudutsa zilankhulo zingapo ndi mibadwo ingapo, msana wa masewera sunathyoke. Ndipo buku nalo silithetsa kusiyana. Chess inali ndi mabuku kwa zaka zoposa mazana atatu, komabe ku Italy anthu anapitiriza kusewera ndi malamulo awoawo a kasunthidwe ka mfumu ndi nsanja mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chimene chimagwirizanitsa malamulo ndi anthu kukumana n'kusewera, ndipo bungwe la FIDE, lokhazikitsidwa mu 1924, linabadwa chifukwa cha mipikisano.

Chitsutso champhamvu ndi china: kuonerera kungaphunzitse malamulo, koma kodi kungafikitse munthu pa ukatswiri weniweni popanda zolemba zoti abwererepo? Yankho linachokera ku Zanzibar. Alex de Voogt, wofufuza wa ku Netherlands, anakhala ndi akatswiri a kumeneko, ndipo mu 1995 anatulutsa buku lotchedwa Limits of the Mind. Anapeza anthu amene sanaphunzire bawo m'kalasi akuwerengera m'mutu maulendo aatali osakhudza nkhomo, mpaka wina kusewera osayang'ana thabwa, chinthu chovuta kwambiri pa masewera amene ulendo umodzi umasintha maenje ochuluka chotere. Malamulo amene iye analemba, omwe lero amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri akunja, anawatenga pakamwa pa akatswiriwo. Apa ndivomereze kuti kulemba kuli ndi zake zimene pakamwa sipangathe. Mu 2006 de Voogt pamodzi ndi Tom Kronenburg ndi Jeroen Donkers anaonetsa mothandizidwa ndi kompyuta kuti pa bawo pali maulendo ena ofesa amene satha konse, amangozungulira. Gulu la pansi pa mtengo silikanatsimikiza zotere. Mipikisano ya pakati pa matauni imafunanso pepala limodzi loti onse aligwire, ndipo n'chifukwa chake Tanzania inakhala ndi Chama cha Bao m'zaka za m'ma 1960. Koma pepala limasunga lamulo. Silipatsa munthu diso loona kuti nyumba yake yatsala pang'ono kudyedwa.

Pali chilema chimodzi chimene sindingachiteteze. Sukulu ya pa bwaloyi inali ya amuna. Bwalo la bawo linali pa khonde la sitolo, pafupi ndi mzikiti, pa msika, pa nthawi imene amayi ali kumunda, kumadzi kapena pamoto, ndipo mtsikana woima kumbuyo kwa abambo n'kumaonerera kwa miyezi akanauzidwa kuti apite kukathandiza mayi ake. Kaphunzitsidwe kodalira kuonerera kamatsekera kunja aliyense amene saloledwa kuima pamenepo. Apa malamulo olembedwa ndi bawo wa pa foni ali ndi ntchito yeniyeni, chifukwa safunsa kuti wophunzirayo ndani. Chimene ndikukana ndi ganizo lakuti zimenezi zilowe m'malo mwa bwalo. Foni imakana ulendo wolakwika osanena chifukwa, ndiponso imafesa yokha, motero zala siziphunzira kuwerenga. Mphunzitsi wa kusukulu kapena wa kalabu ya achinyamata amene akufuna kuphunzitsa bawo lero angachite bwino kutsata makwerero akale aja: ayambe ndi nkhomo ziwiriziwiri popanda nyumba, alole ana, atsikana ndi anyamata omwe, azungulire thabwa limodzi n'kumatsutsana, abweretse nkhomo za m'manja pakapita masabata, nyumba pambuyo pake, ndipo pepala la malamulo alitulutse pokhapokha mkangano ukakana kutha.