Maphwando ndi Masiku Osala Kudya m'Chaka cha Ayuda

Kawirikawiri pa Misa timamva mawu akuti Paska, Pentekoste kapena Chikondwerero cha Misasa, ndipo ambiri a ife timayesa kuti zonsezi zinatha kalekale. Zoona zake nzakuti Ayuda amasungabe masiku amenewa mpaka lero. Kuno ku Zomba Ayuda sitikhala nawo pafupi, komabe kuyambira mu Novembala 2023 achinyamata a ku Malawi anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Epulo 2024 dziko lathu linatsekula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Choncho katekisiti wa ku Chikamveka kapena wa mphakati wina uliwonse ayenera kukhala ndi yankho akafunsidwa za chipembedzo chimene Ambuye Yesu anakuliramo.

Ayuda amawerenga miyezi potsata mwezi wa kumwamba, kotero mwezi wawo umakhala wa masiku 29 kapena 30. Pofuna kuti Paska isachoke pa nyengo yake, amaonjezera mwezi wathunthu kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Zaka amaziwerenga mwa njira yawoyawo: chaka chawo cha 5786 chinayamba madzulo a pa 22 Sepitembala 2025. Tanena kuti madzulo chifukwa kwa iwo tsiku limayamba dzuwa likalowa. Sabata limalowa Lachisanu madzulo, pamene mayi wa pa banja amayatsa makandulo, banja nkudalitsa vinyo ndi buledi. Nafenso tinatengera mwambo umenewu, nchifukwa chake Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa kuti ndi ya Lamulungu.

Paska, imene iwo amati Pesach, imayamba pa 15 mwezi wa Nisan, nthawi imene kuno chimanga chimakhala chitacha. Imatenga masiku 7 ku Israel ndi masiku 8 m'maiko ena. Isanafike, amasesa m'nyumba monse kuchotsa chilichonse chotupitsa. Mwambo waukulu, wotchedwa Seder, suchitikira ku sunagoge koma pa nyumba. Amadya buledi wosatupitsa ndi ndiwo zowawa, namwa zikho zinayi za vinyo, ndipo mwana wamng'ono ndiye amafunsa tanthauzo la usikuwo, makolo nkumulongosolera za kutuluka mu ukapolo wa ku Ejipito. Apa pali phunziro kwa ife amene tinazolowera kusiyira katekisiti ntchito yonse yophunzitsa ana. Nsembe ya mwanawankhosa inaleka pamene Aroma anagumula Nyumba ya Mulungu m'chaka cha 70. Lero amangoika fupa lowotcha pa mbale ngati chikumbutso.

Kuchokera pa tsiku lachiwiri la Paska amawerenga masiku 49, ndipo la 50 ndi Shavuot, chikondwerero cha zokolola zoyamba ndi cha kulandira Malamulo pa phiri la Sinai. Amawerenga buku la Rute. Ili ndi tsiku lija limene linasonkhanitsa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana ku Yerusalemu pamene Mzimu Woyera anatsikira Atumwi.

Mwezi wolemera koposa ndi Tishri, umene umagwa mu Sepitembala kapena Okutobala. Pa 1 ndi pa 2 ndi Rosh Hashanah, chiyambi cha chaka: amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, nadya zipatso zoviika mu uchi popempha chaka chokoma. Kenaka pamabwera masiku olapa mpaka pa 10, tsiku la Yom Kippur, lopepesera machimo. Buku la Levitiko mutu 16 limafotokoza m'mene mkulu wa ansembe ankalowera m'malo opatulika kopambana kamodzi pa chaka, ndi m'mene ankapirikitsira mbuzi ku chipululu itasenza machimo a anthu. Popeza Nyumba ya Mulungu kulibenso, nsembe zija zinalowedwa m'malo ndi mapemphero, kulapa ndi ntchito zachifundo. Amasala kwa maola pafupifupi 25, osadya, osamwa ngakhale dontho la madzi, osasamba, osavala nsapato zachikopa. Ku Israel misewu imakhala zii, ndege siziuluka. Masana amawerenga buku la Yona. Chiphunzitso chawo chimanenetsa kuti tsikuli silifafaniza cholakwa chimene munthu wachimwira mnzake pokhapokha atayamba wapita kukamupepesa. Amene afuna kumvetsa Kalata ya kwa Ahebri mutu 9 ayambe wadziwa tsiku limeneli.

Patapita masiku asanu, pa 15 Tishri, imayamba Sukkot, Chikondwerero cha Misasa. Banja lililonse limamanga kamsasa ka denga la nthambi, kofanana ndi kamene timamanga m'munda polondera anyani m'mbali mwa phiri la Zomba, ndipo amadyera momwemo masiku 7 pokumbukira ulendo wa m'chipululu. Yohane mutu 7 akutionetsa Yesu akuphunzitsa pa chikondwerero chimenechi. Chikatha amapempherera mvula, imene kumeneko imayamba nyengo yofanana ndi yathu. Pomaliza pali Simchat Torah, pamene amatsiriza kuwerenga mabuku asanu a Mose nkuyambanso Genesis, akuvina atanyamula mipukutu. Chiwembu cha Hamas cha pa 7 Okutobala 2023 chinachitika pa tsiku limeneli.

Maphwando awiri sanalamulidwe ndi Mose. Hanukkah, yoyamba pa 25 Kislev, kawirikawiri mu Disembala, imakumbutsa kuyeretsedwa kwa Nyumba ya Mulungu m'chaka cha 164 Yesu asanabadwe. Amayatsa nyali masiku 8, naonjezera imodzi usiku uliwonse. Chochititsa chidwi nchakuti mabuku a Amakabeo, amene amasimba nkhaniyi, ali m'Baibulo lathu la Chikatolika koma m'Baibulo la Chihebri mulibe. Purim, pa 14 Adar, ndi tsiku la chisangalalo: amawerenga buku la Estere, kutumizirana zakudya ndi kuthandiza osauka, atasala dzulo lake.

Masiku ena anayi osala ndi olira Yerusalemu, ndipo mneneri Zekariya amawatchula m'mutu 8. Pa 10 Tevet amakumbukira kuzingidwa kwa mzindawo ndi Ababiloni, pa 17 Tammuz kuboola kwa linga, pa 3 Tishri kuphedwa kwa bwanamkubwa Gedaliya. Masiku amenewa amasala kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Lolemetsa ndi la pa 9 Av, mu Julayi kapena Ogasiti, lokumbukira kugumulidwa kwa Nyumba ya Mulungu kawiri konse. Amasala usiku ndi usana, nakhala pansi ngati anamfedwa, akuwerenga buku la Madandaulo. Udindo wosala umayamba mtsikana akafika zaka 12 ndi mnyamata zaka 13, koma wodwala amene moyo wake ungakhale pa chiswe amalamulidwa kudya. Tikayerekeza, kusala kwathu kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kumene kumalola chakudya chokwanira kamodzi, nkopepuka ndithu.

Mpingo, m'chikalata cha Nostra Aetate cha pa 28 Okutobala 1965, unakana kuti imfa ya Ambuye isenzetsedwe kwa Ayuda onse, akale kapena a lero, ndipo Papa John Paul II anakacheza ku sunagoge wamkulu wa ku Rome pa 13 Epulo 1986. Tikupempha makatekisiti kuti azikumbukira zimenezi pokonza maphunziro ndi masewero a Mulungu Woyera, makamaka polongosola mawu akuti Ayuda m'Mthenga Wabwino wa Yohane umene umawerengedwa pa Lachisanu Loyera.