Mtsogoleri Wabwino Amasiya Anthu Odziŵa Ntchito



Pamene tikukumbukira chiyambi cha gulu lathu kuno ku Milonde, tinagwirizana kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione khalidwe la mtsogoleri mmodzi amene analimbitsa mpingo wathu pa chiyambi pake. Nkhaniyi ndi yakale, koma ikutikhudza ife amene tidzasankha otitsogolera maŵa.

Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876. Patangopita zaka zochepa inatsala pang'ono kugwa, chifukwa ena mwa azungu oyambawo ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu ngati boma. Tsono m'chaka cha 1881 mpingo wa ku Scotland unatumiza Abusa David Clement Scott kuti adzakonze zinthu. Pa iwo taonapo makhalidwe anayi.

Loyamba, anadzichepetsa naphunzira kwa anthu amene anadzaŵatsogolera. Ankakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, kumvetsera mau, miyambi ndi miyambo yawo. Zimene anaphunzirazo zinatuluka m'buku lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892. Munthu amene wataya zaka kuphunzira chinenero chako ndiye kuti wakuŵerengera.

Lachiŵiri, anagwira ntchito pamodzi ndi anthu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene timachiona ku Blantyre chinayamba kumangidwa mu 1888 ndipo chinatsegulidwa mu 1891. Abusa Scott sanaphunzire za mamangidwe kusukulu, ndipo anthu akuda amene anamanga nawo anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaumba ndi kuotcha pomwepo, onse akuphunzira limodzi. Zaka zoposa 130 zapita, tchalitchicho chikadali chiimire. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Lachitatu, anagaŵa udindo weniweni. M'chaka cha 1894 anapatula amuna 7 a kuno kwathu kuti akhale madikoni. Ankakumana nawo kaŵirikaŵiri, kuŵaphunzitsa, ndipo nkhani za mpingo, ngakhale za mwambo wa Akhristu olakwa, ankaweruza nawo pamodzi. Aliyense anali ndi ntchito yake. Bambo Mungo Murray Chisuse anali katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Bambo John Gray Kufa anaphunzira zachipatala, ndipo anatumidwa kwa Alomwe kutsidya la malire ku Mozambique, kumene makolo a ambiri a ife anachokera. Bambo Harry Kambwiri Matecheta anatumidwa kwa Angoni a ku Ntcheu mu 1893, akadali mnyamata. Tangoganizani amayi, kutuma mwana wako kutali choncho, nthaŵi imene kunalibe galimoto kapena lamya. Pamafunika kumkhulupirira ndithu.

Lachinayi, anaimira anthu ake ngakhale zinamudyetsa njereza. Azungu ambiri a minda ndi ena a mishoni yomweyo sanakondwe kuona anthu akuda akupatsidwa ulemu wotere, ndipo anaŵadandaulira kwawo ku Scotland. Abusa Scott anachoka m'dziko muno mu 1898, namwalira ku Kenya mu 1907. Atachoka, ntchito yopereka udindo inayenda mwakachetechete, koma mbeu inali itamera kale. Mu 1911 Bambo Matecheta ndi Bambo Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre. Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana nayambitsa CCAP, Nkhoma inaloŵa mu 1926, ndipo mu 1962 Abusa Jonathan Sangaya anakhala Mmalaŵi woyamba kukhala Mlembi Wamkulu wa Sinodi yathu.

Nanga ife tikuphunzirapo chiyani? M'magulu ambiri a amayi mumapezeka kuti mayi mmodzi ndiye wapampando, ndiye wosunga chuma, ndiyenso woyambitsa nyimbo. Akadwala kapena akapita kukasamala mwana wake kutauni, zonse zimaima, ngakhale buku la ndalama palibe woliŵerenga. Atsikana athu amene angokwatiwa kumene amabwera kaŵiri katatu, akaona kuti ntchito yawo ndi kutunga madzi ndi kutsuka mbale basi, sabweranso. Tikapanda kusamala, bulauzi ndi duku loyera zidzakalamba pamodzi ndi ife.

Choncho tikupempha kuti mayi aliyense wa udindo akhale ndi wachitsikana mmodzi pambali pake. Popita kukaona odwala, titenge wina amene sanapiteko, ndipo iyeyo ndiye apemphere. Pa maliro, wamng'ono ayambitse nyimbo ife tizivomera. Msungichuma aziŵerenga ndalama pamaso pa onse, mnzake akulemba. Amayi amene amathyola tiyi m'maesiteti tiŵafunse nthaŵi imene angathe kubwera tisanaike tsiku la msonkhano. Wina akalakwitsa timlangize kumbali, ndipo akachita bwino timuyamike pagulu. Anthu akamnena, wapampando akhale woyamba kumuimira.

Abusa Scott anakhala kuno zaka 17 zokha, koma Abusa Matecheta amene iwo anaŵaphunzitsa anatumikira mpingo zaka zambirimbiri mpaka anamwalira mu 1962. Tiyeni tidzifunse aliyense payekha kuti, ine ndikatula udindo, ndani angaugwire osavutika?

Ambuye adalitse Mvano wathu.

Mlembi wa Mvano, Milonde