Matenda a nsomba za m'maiwe: yambani mwazindikira musanathire mankhwala

Mbuzi ikadwala imatha masiku ikutsokomola, mwini wake n'kupeza mpata wofuna mankhwala. Nsomba sizipereka mpata wotere. Mlimi wa ku Kambulatsitsi kapena ku Zóbuè amene anakumba dziwe kudimba akhoza kugona pende ali bwinobwino, m'mawa n'kupeza theka likuyandama mimba zili m'mwamba. Ambiri zikatere amathamangira mankhwala, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala m'madzi.

Yambani ndi madzi

Pitani kudziwe m'mbandakucha. Mukapeza nsomba zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zili pamwamba zikuyasamula kukamwa, koma dzuwa likakwera zikubwerera pansi, ndiye kuti mpweya m'madzi wachepa. Ndere zobiriwira zimene nsomba zimadya zimatulutsa mpweya masana, koma usiku nazonso zimaupuma. Manyowa ndi madeya zikachuluka, ndere zimachulukanso n'kumaliza mpweya kusanache. Vikani mkono m'madzi: ngati chikhatho chazimirira madzi asanafike pachigongono, dziwe lakhuta. Lekani manyowa, lekani kudyetsa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Matenda enieni amabwera mwa mtundu wina. Nsomba zimafa pang'onopang'ono, lero zitatu, mawa zisanu. Yodwalayo imasiya kudya, imasambira yokha m'mphepete, kapena imadzikhula pansi ngati ikumva kuyabwa. Igwireni ikadali yamoyo, muone khungu, zipsepse ndi makha, mmene imapumira. Makha abwino amakhala ofiira. Akatuwa kapena akadzaza mamina, pali chimene chikuwadya.

Timadontho toyera ndi ntchito ya mchere

Nsomba ikaoneka ngati yawazidwa mchere wosalala, ndi kachirombo kotchedwa Ichthyophthirius. Kali ndi mnzake wa m'nyanja ya mchere, Cryptocaryon, amene amasautsa anthu oweta nsomba zokongoletsa m'mabokosi a galasi m'mizinda. Anthu amenewa ali ndi chizolowezi chimene tingatengereko. Nsomba yawo ikagwidwa ndi tizirombo ta pakhungu, amaiviika m'madzi opanda mchere kwa mphindi zochepa: nsombayo imapirira, tizirombo tambiri timafa chifukwa matupi awo sangathe kusintha kwadzidzidzi kotere. Ife timangotembenuza. Zathu ndi za madzi opanda mchere, choncho timaziviika mu mchere.

Muyeso wake ndi magalamu 20 pa lita imodzi, kutanthauza magalamu 400 m'chidebe cha malita 20, ndipo madziwo akhale a m'dziwe lomwelo. Nsomba ikhalemo mphindi zosapitirira 10, inu muli pomwepo; ikayamba kupendekeka, itulutseni. Pende amapirira mchere kwambiri, koma mlamba ndi timbewu tating'ono tichepetsereni. Kusamba kumeneku kumathandiza pa tizirombo ta pakhungu ndi m'makha, komanso pa chuku choyera chonga thonje chimene chimamera pabala.

Koma timadontho toyera timavuta kuposa apa. Kachirombo kakakhala pansomba kamabisala mkati mwa khungu, mchere sukakhudza. Kakakhuta kamagwera pansi, n'kuswa ana mazanamazana amene amasambira kufuna nsomba ina, ndipo ndi pa nthawi yokhayi pamene angaphedwe. N'chifukwa chake kuviika kamodzi sikuchiza. Nsomba zimafunika kukhala m'thanki kapena m'mgolo wa madzi a mchere wochepa, magalamu 3 pa lita, kwa masabata awiri, madziwo akusinthidwa. Zothira mchere dziwe lonse iwalani. Dziwe la mamita 10 kwa 20, lakuya mita imodzi, lili ndi malita 200,000, ndipo lingadye makilogalamu 600, matumba 12 a makilogalamu 50. Ndi alimi angati kuno amene nsomba zawo zingabweze ndalama imeneyo?

Chenjezo limodzi: oweta nsomba za m'magalasi amagwiritsanso ntchito mankhwala a kopa, koma iwo amayeza madzi ndi zipangizo ndipo nsomba zawo sizidyedwa. Mankhwala a kopa opopera tomato kapena mbatata asafike m'dziwe. Ngakhale kutsuka chopopera pamtsinje wolowetsa madzi kudziwe kumapha nsomba.

Zilonda zofiira

Awa ndiwo matenda oyenera kuopedwa m'dera lathu. Akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS, ndipo amayamba ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans. Poyamba pamaoneka timadontho tofiira, kenako chilonda chimakumba mnofu mpaka nthawi zina fupa kuonekera. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971. Mu Africa anatulukira cha kumapeto kwa 2006 pa mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kumtunda kwa mtsinje womwewu umene umadutsa pa Tete. Mu Julayi 2020 anapezeka ku Mchinji m'dziko la Malawi, ndipo boma la kumeneko linaletsa kwa kanthawi kupha, kunyamula ndi kugulitsa nsomba m'madera okhudzidwa.

Mlamba ndi matemba ndi zina mwa nsomba zimene zimagwidwa msanga. Matendawa amakonda nyengo yozizira, komanso madzi akasanduka owawasa pambuyo pa mvula yamphamvu. Alimi a kumapiri a ku Zóbuè, kumene Juni ndi Julayi amazizira kwenikweni, azisuzumira maiwe awo kawirikawiri miyezi imeneyi.

Nsomba imene yagwidwa kale ilibe mankhwala. Ichotseni, muikwirire mozama kutali ndi madzi kapena muitenthe. Osaiponyera agalu, osaitaya mumtsinje. Chukucho sichidwalitsa munthu, koma m'zilondamo mumalowa tizirombo tina, choncho nsomba yotere isadyedwe ndiponso isapite kumsika, ngakhale yowamba. Dziwitsani mlangizi kapena ofesi ya SDAE ku Moatize tsiku lomwelo, chifukwa kutsimikiza kuti ndi EUS kumafuna kupima ku labotale.

Laimu amathandiza kuchepetsa kuwawasa kwa madzi, koma siyanitsani mitundu yake pogula, poti m'masitolo yonse amangoti cal. Laimu wa m'munda akhoza kuthiridwa nsomba zilimo. Wopakira nyumba amawotcha: ntchito yake ndi yowaza pansi pa dziwe lophwetsedwa, limene laumitsidwa mpaka matope kung'aluka.

Matendawa amayenda ndi nsomba zamoyo, madzi osefukira, ndi zida zonyowa. Kuno kumalire timabwerekana maukonde ndipo mbewu ya nsomba imawoloka m'zidebe pakati pa Zóbuè ndi Mwanza popanda wofunsa kumene yachokera. Ukonde wobwereka uchapidwe n'kuyanikidwa padzuwa mpaka uume gwa usanalowe m'dziwe lanu. Mbewu yatsopano, kaya yachokera kwa mlamu wanu, iyambe yakhala payokha m'kadziwe kapadera masabata atatu kapena anayi, ndipo madzi amene yabwera nawo atayidwe pamtunda.