Mpingo wa Nkhoma Utafika pa Khomo la Tsimba

Amishoni a Dutch Reformed Church atamanga ku Mvera kwa Chiwere mu 1889, kenako ku Nkhoma kwa Mazengera mu 1896, anapeza Achewa amene chipembedzo chawo chinalibe tsiku lakelake. Chinali kumunda, pamaliro, kudambwe ndi m'tsimba. Munthu wotere sungamupatse Mulungu wa Lamulungu lokha n'kuganiza kuti wamukopa. N'chifukwa chake mishoniyi inafalitsa sukulu m'midzi, inaphunzitsa ulimi ndi ukalipentala, inatsegula chipatala ku Nkhoma mu 1915, ndipo William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922.

Koma umboni weniweni wakuti mpingo unafuna kufika m'moyo wonse wa Mchewa uli pa chinamwali. Poyamba mpingo unangochiletsa, monga unaletsera mowa, mitala ndi gule wamkulu. Kuletsako kunasiya dzenje. Mtsikana akatha msinkhu, amulange ndani za kudzisamala, za ulemu kwa apongozi, za m'nyumba? Wopanda mwambo ankatchedwa mwana ngakhale atakula, ndipo makolo ena achikhristu ankamuzembetsa usiku kupita naye kwa anamkungwi. Mpingo unagonja mwanzeru: unayambitsa Chilangizo, n'kusankha amayi okhwima m'chikhulupiriro kuti akhale alangizi. Iwo amalangiza namwali, wokwatiwa, wapakati poyamba, mpaka mwana atabadwa. Mwambo unakhalapobe, koma tsopano ukuyamba ndi pemphero. Chigwirizano cha Amayi, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1940, chinalimbitsa ntchitoyi.

Ena amati uku kunali kulanda, osati kutembenuza mtima; kuti mzungu anafuna kulamulira Mchewa kuyambira kumphasa mpaka kumanda. Mawuwa ali ndi pogwira. Zolamulira za mpingo zinali zolimba, kudulidwa mu mpingo kunkagawa mabanja, ndipo sukulu za Nkhoma zinkaumira Chingerezi poyerekeza ndi za mishoni ya Livingstonia, zomwe zinachedwetsa ana ambiri a chigawo chapakati. Komabe mlanduwo sungathere pamenepo. M'chipinda cha chilangizo simunkalowa mbusa, kaya mzungu kaya wakuda. Olangiza m'menemo anali amayi achichewa, odziwa bwino zoyenera kutaya ndi zoyenera kusunga. Chinthu chongokakamizidwa chikanatha amishoni atapereka ulamuliro kwa Amalawi mu 1962. Chilangizo sichinathe. Lero m'mipingo ya CCAP Sinodi ya Nkhoma, mtsikana akakula, mayi ake amakauza alangizi.